Baki ya Amuna Anga ndi Sipanala ya Alamu

Amuna anga atamwalira anandisiyira zinthu ziwiri zokha zoti munthu n'kuloza ndi chala: bokosi la masipanala ndi baki, kagalimoto konyamulira katundu, yoyera yakalekale, ya dzimbiri m'zitseko. Tinali titakhala ku Katlehong, pafupi ndi Joni, zaka zambiri, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachisutu. Bakiyo ndiyo inkatidyetsa. Iwo ankalawirira nayo kumsika waukulu kukaoda kabichi, tomato ndi anyezi, ine n'kumagulitsa pafupi ndi siteshoni ya sitima. Kuyendetsa ndinaphunzira chaka chomwe miyendo yawo inayamba kutupa. Ankakhala pambali panga n'kumandikalipira ndikaphonya giya, koma ndinaphunzira ndithu.

Mtembo tinapita nawo kwawo ku Dedza. Nditabwerera ku Joni patatha mwezi, ndinapeza baki ili ku Thokoza, kwa alamu anga, akulu awo a malemu. Iwo anali mlonda pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Kempton Park, ndipo ndinawasiyira makiyi kuti aziiliza batire isafe. Ndinakaitenga tsiku lachiwiri nditafika. Anandipatsa kiyi imodzi, ina n'kusunga m'thumba.

"Inayo ndisunge ine," anatero. "Akazi mumataya zinthu."

"Sindinatayepo kiyi ine, alamu."

"Galimotoyi ndi ya banja lathu. Mphwanga anaigula ndi thukuta lake. Inu mwangoibwereka mpaka tikambirane."

Ndinatenga kiyi imodziyo n'kunyamuka. Thukuta langa nalonso linali m'galimoto imeneyo, koma ndinali ndisanavule n'zakuda zomwe, ndipo sindinkafuna kuti kumudzi amve kuti ndayamba kukangana ndi abale a mwamuna dothi la pamanda lisanaume.

Mvula yoyamba itagwa, baki inayamba kudwala. M'mawa ndikailiza inkanjenjemera thupi lonse, chiwongolero chikugwedezeka m'manja, ndipo kulira kwake kunali kopunduka, ngati munthu woyenda mokokera mwendo umodzi. Kumbuyo inkatulutsa fungo la petulo wosapsa. Dzuwa likakwera, injini ikatentha, zinkachepa. Tsiku louma inkayenda ngati palibe chavuta. Amakaniko amati injini ikumisa, kutanthauza kuti mwa masilinda ake anayi, timazipinda tomwe petulo amayakiramo, imodzi ikuphonya kuyaka. Mawuwo ndinkawadziwa chifukwa malemu ankakonzera Amalawi anzathu magalimoto Loweruka, ine ndikuwapatsira zitsulo. Koma kudziwa dzina la matenda ndi kuchiza n'zosiyana, ndipo boneti ndinali ndisanaitsegulepo ndekha.

Alamu anaimva Lamlungu lina ndikufika nayo kutchalitchi. Tikutuluka anandidikira pageti, akumwetulira.

"Yayamba kufatu iyi."

"Ikungomisa m'mawa. Ndiisamalira."

"Muisamalira ndi chiyani, chipande? Ndibwera masana ndiione."

Anabweradi. Anatsegula boneti, anatenga sipanala m'bokosi la malemu osapempha, kenaka anati ndikawaphikire tiyi. Ndinapita. Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha tiyi ameneyo. Nditabwera ndi kapu ndinapeza atatseka kale boneti, akupukuta manja ndi nsanza.

"Ndayesetsa," anatero. "Ikakanika apa ndiye kuti injini yatha. Mukatero mundipatse mapepala ake ndidziwe chochita nayo."

Lolemba m'mawa ndinapotokola kiyi, sitata inazungulira kamodzi n'kuima ngati yagunda khoma, injini n'kubwerera m'mbuyo. Inalira kachinayi. Kumisa kuja kunali pompo, koma tsopano panabwera china chatsopano: ndikaponda mafuta pokwera mtunda, mkati mwa injini munkamveka phokoso ngati munthu akugwedeza misomali m'chitini. Singano ya kutentha inkakwera kuposa kale. Ndinayenda nayo choncho masiku atatu, mtima uli m'mwamba.

Lachinayi inandithera pamsewu, nditadzaza tomato, pamalo pomwe mateksi amakhotera kulowa ku Katlehong. Inazima pakati penipeni. Mahutala analira kumbuyo kwanga ngati kwagwa ngozi. Dalaivala wina anatsika n'kumenya denga la baki ndi chikhatho, akunditukwana m'Chizulu. Atamva kayankhulidwe kanga anasintha nyimbo, n'kunditchula dzina lonyozera alendo.

"Kwerekwere! Chotsa chitini chakochi, ukayendetse kwanu!"

Anthu a m'teksi ankaseka pamawindo. Palibe anandithandiza kukankha mpaka amayi awiri ogulitsa chimanga chootcha anasiya mbaula zawo. Tinaikankhira pambali, n'kuitsetseretsa kamsewu kotsika, ndipo inakaima pomwe sindikanafuna kuti iime: moyang'anana ndi bwalo la mdala wina wachisutu, makaniko wa m'dera lathu.

Mdalayu aliyense ankangomuitana kuti Ntate, momwe Asutu amaitanira bambo wamkulu. Anali wamfupi, wa ndevu zoyera, wosaseka. Amuna anga ankadana naye ndipo iye ankadana nawo, chifukwa ankati alendo akumulanda ntchito pokonza magalimoto m'makomo. Kawiri konse anakawanenera kwa eni nyumba yathu kuti akuthira oyilo mumsewu. Pamaliro sanabwere, ngakhale kudzapereka moni.

Ndinawoloka msewu. Anali atakhala pa kireti ya mowa, akutsuka chitsulo m'beseni la petulo.

"Ntate, ndithandizeni. Galimoto yandifera."

Sanadzutse mutu. "Ndikuidziwa galimoto imeneyo. Mwini wake ankati amadziwa zonse. Kamufunse."

"Anamwalira, Ntate. Mukudziwa."

"Ndiye vuto langa n'chiyani? Sindigwira galimoto za anthu inu. Ichoke pakhomo panga dzuwa lisanalowe."

Ndinabwerera kubaki misozi ili m'maso, koma sinali ya chisoni, inali ya ukali. Ndinaimbira mnzanga wogulitsa naye limodzi kuti abwere ndi ngolo adzatenge tomato asanaphikike padzuwa. Kenaka ndinaimbira alamu. Sindikudziwa chomwe ndinkayembekeza.

"Ndinanena ine," anatero, mawu awo ali osalala. "Isiyeni pomwepo. Ndikaweruka ndibwera ndi anthu tiikoke. Mukonzeretu mapepala."

Ndinadula foni. Ndinatsitsa bokosi la masipanala, ndinamanga chitenje molimba, n'kutsegula boneti.

Injini inali itazizirako, ndipo itavutavuta inalira, ikunjenjemera monga mwa masiku onse. Ndinaima n'kumayang'ana mawaya anayi akuda ochokera pa disitiribyuta, kachitsulo kozungulira kamene kamagawa moto, kupita ku mapulagi anayi, oyatsa petulo m'masilinda. Ndinakumbukira kuti malemu ankazula mawaya amenewa umodziumodzi injini ikulira, akutchera khutu. Ndinagwira woyamba ndi dzanja n'kukoka.

Moto unandimenya kuchokera m'zala mpaka m'chigongono. Ndinakuwa, n'kugunda mutu kuboneti. Kutsidya kwa msewu kunamveka kuseka kouma kwa Ntate.

"Chitsiru! Ndi dzanja? Mwamuna wako sanakuuze za pulayazi?"

Sindinamuyang'ane. Ndinafufuza m'bokosi n'kupeza pulayazi ya zogwirira za labala. Ndinazula waya woyamba. Injini inagwa mphamvu, kutsala pang'ono kuzima. Ndinaubwezera. Wachiwiri chimodzimodzi. Nditazula wachitatu, palibe chinasintha. Inangopitiriza kulira mopunduka momwe inkaliriramo, ngati sindinaigwire n'komwe. Ndinabwezera, ndinazulanso. Chimodzimodzi. Wachinayi unaigwetsa mphamvu ngati oyamba aja.

Ndinaima kaye. Silinda yachitatu ndiyo inali yakufa. Ndinali nditaipeza ndekha.

Ndinazimitsa injini n'kumasula pulagi yachitatu. Inatuluka yakuda, yonyowa ndi petulo. Ndinaganiza kuti ndapeza wolakwa, ndipo ndinatembenuka kuti ndikwere teksi ndikagule ina. Ntate anali atawoloka msewu. Anaima chapatali, manja kumbuyo, ngati akuonerera agalu akumenyana.

"Ukupita kuti?"

"Kukagula pulagi."

"Ndani wakuuza kuti pulagi yafa?"

"Ndi yakuda. Yanyowa."

"Yanyowa chifukwa sikuyaka. Sikuyaka chifukwa chiyani? Mwina yafa, mwina moto sukufika. Anthu inu mumangogula zinthu ngati nkhuku zotola mikanda. Isinthanitse ndi yoyamba, uone ngati matenda asamuka."

Ndinafuna kumuuza kuti abwerere pa kireti yake, poti anakana kundithandiza. Koma zomwe ananenazo zinali zoona. Ndinapukuta pulagi ija, ndinaiika pa silinda yoyamba, ya poyamba n'kuiika pa yachitatu. Ndinaliza injini, n'kuzulanso mawaya ndi pulayazi. Yoyamba inali yamoyo. Yachitatu inali yakufabe.

"Tsopano waya," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ukadadziwa ukadayamba kale."

Ndinasinthanitsa mawaya awiri, mbali zonse ziwiri, ndikusamala kuti uliwonse ulowe pabowo loyenera. Matenda sanasamuke. Pulagi inali yabwino, waya unali wabwino, koma yachitatu sinkayaka. Thukuta linkandilowa m'maso. Anthu odutsa ankaima kuonerera mzimayi wa chitenje ataweramira mu injini, ena akujambula ndi mafoni.

"Imavuta nthawi yanji?" Ntate anafunsa, ngati wapolisi.

"M'mawa. Makamaka kukagwa mvula."

"Ndiye ukuyang'ana chiyani kumapulagi? Chimaopa chinyezi n'chiyani pamenepo?"

Ndinamasula timakoko tiwiri togwira chivundikiro cha disitiribyuta n'kuchitembenuza. Poyamba sindinaone kanthu. Nditachipendeketsa padzuwa ndinaona kamzere kakuda, kopyapyala ngati tsitsi, kochokera pa kachitsulo ka waya wachitatu kutsikira m'mphepete. Ndinakakanda ndi chikhadabo. Unali mng'alu, ndipo moto unali utauwotcha mpaka kuda. M'malo mopita ku pulagi, moto unkathawira mumng'alumo, makamaka mukalowa chinyezi.

Ndinamuonetsa. Anachiyang'ana osachigwira, n'kulavula pansi.

"Chakhala chikung'aluka kalekale ichi. Makaniko wamkulu uja sanachione?"

"Musawanene amuna anga, Ntate. Anali akudwala."

Anangokweza mapewa. Anandiuza dzina la msewu wa ku Thokoza komwe amaphwasula magalimoto akale, n'kubwerera kubwalo kwake. Ndinatseka baki, ndinakwera teksi chivundikiro chili m'chikwama, ndipo ndinabwera ndi china dzuwa litapendeka. Ndinasamutsa mawaya umodziumodzi kuti ndisasokoneze dongosolo lake. Nditapotokola kiyi, sitata inagundanso khoma lija, kawiri, kenaka injini inalira. Kunjenjemera kunali kutatha. Masilinda onse anayi ankayaka.

Ndinakwera kuti ndiiyese pa kamtunda ka pafupi. Ndisanafike n'pakati pomwe, misomali ija inayambanso kulira m'chitini. Ndinabwerera n'kuima pomwe ndinachokera, ndipo ndinapeza Ntate ataima pakati pa msewu, nkhope itakwinyika.

"Zimitsa! Ukufuna kuboola mapisitoni? Ndani wagwira taimingi ya galimoto imeneyi?"

"Palibe."

"Usandinamize. Ndakhala ndikuimva ikudutsa pano zaka zonsezi. Inali yonyansa, koma sinkalira choncho."

Kwa nthawi yoyamba anaweramira mu injini, koma manja anawasunga kumbuyo. Analoza ndi chibwano pansi pa disitiribyuta, pomwe pali bawuti imodzi yoimanga kuti isazungulire. Injini yonse inali yokutidwa ndi oyilo wakuda wosakanikirana ndi fumbi la zaka. Koma mutu wa bawutiyo unali wowala, m'mbali mwake muli zipsera zatsopano za sipanala. Pambali pake panali kachigawo koyera ngati mwezi watsopano, pomwe chitsulo chinakhala nthawi yaitali chisanasunthidwe.

"Wina waimasula n'kupotoza disitiribyuta," anatero. "Osati pang'ono. Moto ukufika msanga, pisitoni isanafike pamwamba. Petulo akuphulika n'kuimenya pamutu ikadali kukwera. Ndicho chikulira. Ndicho ikutenthera, ndicho sitata ikubwerera. Ukanayenda nayo sabata ina, ukanaitaya."

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu. M'maganizo ndinaonanso alamu akupukuta manja ndi nsanza, ine nditanyamula kapu ya tiyi.

"Ndi alamu anga," ndinatero.

"Sindinakufunse za abale ako. Dzuka. Uli ndi babu?"

M'bokosi munali kababu kakang'ono komangiriridwa mawaya awiri. Ndinkakaona nthawi zonse osadziwa ntchito yake. Ntate anandilamula ngati akulamula bulu. Ndinamasula pulagi yoyamba n'kutseka bowo lake ndi chala chachikulu, uku ndikuzungulitsa injini ndi sipanala yaikulu pa pule, kagudumu ka lamba ka kutsogolo kwa injini, mpaka mpweya unakankha chala changa. Pamenepo pisitoni yoyamba inali ikukwera. Anandiuza kuti ndipukute m'mphepete mwa pule mpaka ndipeze kamzere kozokotedwa. Ndinakapeza, ndinakapaka choko, n'kuzungulitsa pang'onopang'ono mpaka kanayang'anana ndi chizindikiro cha pa injini.

"Wapitirira. Bwerera. Ayi, bwerera kwambiri, ubwerenso kutsogolo. Uli ndi maso kapena mabatani?"

"Mukandikalipira manja anga amanjenjemera."

"Ndiye pita ukagulitse tomato."

Ndinaluma mlomo n'kuyambiranso. Mzere utakhala pamalo pake, ndinalumikiza waya umodzi wa babu pa koyilo, kachitsulo kokulitsa moto, pomwe pamachokera waya wopita ku disitiribyuta, wina n'kuugunditsa pa chitsulo cha injini. Ndinatsegula kiyi osaliza. Babu linayaka. Ndinamasula bawuti ija n'kupotoza disitiribyuta mpaka linazima, kenaka n'kuibweza pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira.

Linayaka.

"Pomwepo! Usapume. Manga."

Ndinamanga. Nditayang'ana pansi, chitsulo chinali chitabwerera n'kuphimba kachigawo koyera kaja ndendende. Ndinabwezera pulagi ndi chivundikiro. Nditangogwira kiyi, injini inalira nthawi yomweyo, mosalala, momwe inkalirira malemu ali moyo. Ndinakwera kamtunda kaja mu giya yachitatu, phazi lili pansi. Munalibe msomali ngakhale umodzi.

Nditabwerera ndinatsika kuti ndithokoze. Ntate anali atakhala kale pa kireti yake.

"Zikomo, Ntate."

"Sindinaigwire galimoto yako. Usakauze anthu kuti ndinaigwira. Ndipo wadonthetsa oyilo pakhomo panga, thirapo mchenga."

Ndinathira mchenga.

Alamu anafika ndikumaliza kulongedza zitsulo. Anabwera pa galimoto ya mnzawo, atanyamula chingwe chokokera, akadali mu yunifolomu ya ulonda. Anapeza baki ikulira. Anaima, chingwe chili m'manja.

"Ndani wakonza?"

"Ine."

Anaseka, koma maso awo anathamangira kutsidya kwa msewu. "Inu? Kapena madala awo?"

"Alamu, Lamlungu munamasula chiyani mu injini muno?"

"Ndinkakuthandizani."

"Munapotoza disitiribyuta. Bwerani muone zipsera za sipanala yanu."

Sanasunthe. "Aliyense amatero galimoto ikamamisa. Umapotoza pang'ono, n'kumvetsera. Mphwanga yemwe ankatero."

"Ankatero injini ikulira. Inu simunailize n'komwe. Ndinali pawindo, ndikanamva."

"Ndiye mukuti chiyani? Nenani poyera anthu amve. Mukuti ine ndinafuna kuononga galimoto ya m'bale wanga?"

"Ndikuti mundipatse kiyi yanga."

Mnzawo uja analowa m'galimoto yake n'kutseka chitseko. Alamu anayandikira mpaka ndinamva fungo la thukuta la m'yunifolomu. Anatsitsa mawu.

"Mwaiwala amene anakulandirani pa Joni pano? Munafika ndi kachikwama kamodzi. Munagona pansi m'nyumba mwanga miyezi itatu."

"Sindinaiwale. Ndinkakuchapirani ndi kukuphikirani miyezi itatu yomweyo. Kiyi."

"Mkazi wopanda ulemu. N'chifukwa chake mphwanga anafa msanga."

Sipanala yaikulu ija inali idakali m'dzanja langa. Sindinaikweze, koma anaiyang'ana, ndipo ine sindinaiike pansi. Tinaima choncho. Kenaka anapisa m'thumba, anatulutsa kiyi n'kuiponya m'ngalande ya madzi oipa ya m'mphepete mwa msewu. Ananyamuka osatsanzika. Ndinavula nsapato, ndinalowa m'ngalandemo n'kuifufuza ndi zala mpaka ndinaipeza.

Ngati anapotoza dala kuti injini ife ndiwapatse, kapena anangochita zaumbuli pofuna kuoneka odziwa, sindinadziwe ndipo sindidzadziwa. Masiku ena ndimakhulupirira ichi, masiku ena icho. Chomwe ndikudziwa n'chomwe anachita pambuyo pake. Sabata isanathe, apongozi anga ananditumizira mawu pafoni kuchokera ku Dedza, akulira, kuti amva zoti ndapeza kale mwamuna wachisutu, mdala wokonza magalimoto, ndipo ndikudya naye chuma cha mwana wawo. Kutchalitchi amayi ena anasiya kukhala pa benchi yanga. Mkulu wa mpingo anandiitana kuti ndikapepese alamu pamaso pa anthu, poti iwo ndi mutu wa banja kuno. Ndinamufunsa ngati alamu nawonso adzapepese. Anati nkhani ya galimoto ndi ya amakaniko, si ya mpingo. Sindinapepese, ndipo patapita miyezi iwiri ndinasamukira mpingo wina wakutali komwe kunalibe ondidziwa.

Mphekesera ija inamufikanso Ntate. Tsiku lina ndikudutsa anandiimitsa ndi dzanja, ine n'kutsitsa galasi.

"Uwauze anthu akwanu asiye kunditchula," anatero. "Mkazi wanga wamva. Ndipo usadzaimikenso chitini chimenechi pafupi ndi geti langa."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkazungulira njira ina, yaitali, yodzera kuseri kwa sukulu. Sitinayankhulanenso.

Baki inandigwirira ntchito zaka zina zitatu. Mapulagi ndinkasintha ndekha, taimingi ndinkaiona ndekha ndi kababu kaja mvula isanayambe. Amalawi awiri atatu anabwerapo kudzandifunsa za magalimoto awo, mwakabisira, osafuna kuti anzawo adziwe kuti afunsa mzimayi. Alamu ndinakumana nawo kamodzi kokha, pamaliro a munthu wakwathu ku Kempton Park. Anali ataonda, tsitsi litayera. Pogawa chakudya tinapezeka tayang'anana pamzere. Ndinawapatsa moni monga mwa mwambo, ndinapinda bondo pang'ono. Anayang'ana mbale yawo n'kusuntha kupita kutsogolo.